Florence Nightingale: Mai wa Nyali ndi Cholembera

Amai anzanga, ndani mwa ife amene sanagonepo pa simenti ya m'chipatala, atafunda chitenje, kudikira kuti kunja kuche pambali pa bedi la mwana kapena la abambo a kunyumba? Ndani amene sanaphikepo phala kawiri katatu, wodwala n'kulikana lonse? Kudwazika matenda ndi ntchito imene imatipeza ife azimai popanda kutifunsa ngati tinaiphunzira. N'chifukwa chake ndafuna kuti tikambirane za moyo wa Florence Nightingale, mai wa ku England amene anamwalira mu 1910. Ambiri munamvapo dzina lake, makamaka inu amene muli ndi ana anamwino, pakuti 12 May, tsiku limene anamwino a pa dziko lonse, kuphatikizapo athu a muno m'Zambia, amakumbukira ntchito yao, ndi tsiku lake lobadwa. Pa zithunzi amamujambula atanyamula nyali pakati pa asilikali odwala. Nyaliyo inalipodi, koma anayenda nayo zaka zosakwana ziwiri. Ntchito imene inapulumutsa anthu ochuluka anaigwira pambuyo pake, kwa zaka zoposa 40, nthawi zambiri ali chigonere m'chipinda, cholembera chili m'manja.

Florence anabadwa mu 1820 mumzinda wa Florence ku Italy, makolo ake ali pa ulendo wokaona maiko, ndipo anangomutcha dzina la mzindawo. Banjali linali lolemera kwambiri. Linali ndi nyumba zazikulu ziwiri, ina ku Embley m'chigawo cha Hampshire, ina ku Lea Hurst m'chigawo cha Derbyshire. Atate ake, a William Nightingale, analibe mwana wamwamuna. Ana ao aakazi awiri, Parthenope ndi Florence, anawaphunzitsa okha pakhomo Chigiriki, Chilatini ndi mbiri yakale, maphunziro amene masiku amenewo ankapatsidwa kwa anyamata. Florence anakondetsa masamu. Masamuwa musawaiwale, tikumana nao kutsogoloku.

Mu February 1837, asanakwanitse zaka 17, anamva mumtima mwake kuti Mulungu akumuitana kuti amutumikire, ndipo tsikulo sanaliiwale moyo wake wonse. Koma sanadziwe msanga kuti utumikiwo unali wotani. Anayamba kuyendera odwala m'tinyumba ta anthu osauka pafupi ndi kwao, nadwazikanso agogo ake. Kumeneko anaona chinthu chimene ifenso timachidziwa, kuti ukhoza kumukonda wodwala ndi mtima wonse koma osadziwa chochita naye. Mu 1845 anapempha makolo kuti amulole akaphunzire unamwino miyezi itatu pa chipatala cha ku Salisbury. Pakhomo panavuta. Amai ake ndi mkulu wake anaona kuti mwanayu afuna kuwachititsa manyazi pamaso pa anthu.

Tisafulumire kuwaweruza. Zipatala za nthawi imeneyo zinali za amphawi, zauve ndi zonunkha. Munthu wolemera akadwala ankasamalidwa kunyumba kwake. Anamwino ambiri sanaphunzire ntchitoyo kulikonse, ankalandira ndalama zochepa, ndipo anali ndi mbiri ya kuledzera. Inunso mukadakhala mai wake mwina mukadakana.

Anakhala chomangika pakhomo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Masana ankachezetsa alendo a amai ake, mbandakucha n'kumawerenga mobisa malipoti a boma onena za zipatala ndi ukhondo wa m'mizinda. Mu 1849 anakana ukwati wa Richard Monckton Milnes, mwamuna amene anamufunsira kwa zaka zambiri ndipo iyenso ankamukonda, poona kuti akalowa m'banja la anthu olemera maitanidwe aja athera pomwepo. Zinali zaka zowawa, moti nthawi zina ankalakalaka imfa. Khomo linatseguka mu 1851, ali ndi zaka 31, pamene anapita ku Kaiserswerth ku Germany nakhalako miyezi itatu. Kumeneko Abusa Theodor Fliedner anali atayambitsa mu 1836 nyumba yophunzitsa azimai achikhristu kutumikira odwala, ana amasiye ndi azimai otuluka m'ndende. Maphunziro a unamwino kumeneko sanali apamwamba kwenikweni, koma anaonako atsikana wamba a kumudzi akugwira ntchitoyi mwaulemu ndi mwapemphero. Mu 1853 atate ake anayamba kumupatsa mapaundi 500 pa chaka, nayamba kudziimira payekha, ndipo anakhala woyang'anira kachipatala ka azimai mu msewu wa Harley ku London. Kuyambira pano tiwatchule mwaulemu kuti Mai Nightingale, ngakhale kuti sanakwatiwe mpaka imfa.

Mu 1854 Britain ndi France analowa nkhondo yothandiza Turkey kumenyana ndi Russia. Nkhondoyi inachitikira ku Crimea, m'mbali mwa nyanja ya Black Sea. Asilikali a Britain odwala ndi ovulala ankawakweza sitima za pamadzi kuwaolotsa nyanjayo masiku angapo, kupita nao ku Scutari, tsidya lina la mzinda umene lero timati Istanbul. Nyuzipepa ya The Times itaulula kuti anyamatawa akufa opanda owasamala, anthu ku England anakwiya. Nduna yoona za asilikali, a Sidney Herbert, amene anadziwana ndi Mai Nightingale ku Rome zaka za m'mbuyomo, inawapempha kuti apiteko. Ananyamuka pa 21 October 1854 ndi azimai 38, ena a iwo masisitere a Chikatolika ndi a Anglican, nafika kumayambiriro kwa November.

Chimene ankachitcha chipatala inali nyumba yaikulu ya asilikali a Turkey, yodzala makoswe ndi nsabwe. Odwala anagona mondondozana m'makonde, atavala zomwe anachoka nazo kunkhondo. Panalibe sopo wokwanira, mabeseni, ngakhale malaya osinthira. Madokotala sanakondwere kuona azimai, ndipo Mai Nightingale analetsa anamwino ao kulowa m'mawodi mpaka madokotalawo atapempha okha. Sipanatenge masiku ambiri, pakuti ovulala pa nkhondo ya ku Inkerman anayamba kufika mazanamazana. Pamenepo anagula mabulashi okolopera, anatsegula malo ochapira ndi makhitchini ophikira odwala osatha kudya nyama yolimba, nagula malaya zikwizikwi ndi ndalama zimene anthu anasonkha. Usiku, ena atagona, ankayenda m'mawodi ndi nyali ya mtundu wa ku Turkey.

Pali ntchito ina imene sikambidwa kawirikawiri, koma ife ingatikhudze. Mai Nightingale sanaiwale kuti msilikali aliyense ali ndi kwao. Ankalembera makalata amai ndi akazi a anyamata omwalira, kuwauza mmene mwana wao anatsirizira. M'zipinda za pansi pa chipatalacho munkakhala akazi a asilikali amene anatsatira amuna ao, ena oyembekezera, ena ndi makanda, opanda wowalabadira. Anawapezera mai wina, Lady Alicia Blackwood, kuti awayang'anire, ndipo ena anapatsidwa ntchito yochapa kuti azipeza kangachepe. Akuluakulu a asilikali ankati msilikali sadziwa china chochita ndi malipiro ake koma kumwera mowa. Iwo anayamba kulandira ndalama za asilikali n'kumazitumiza ku mabanja ao ku England, ndipo anyamata anabwera ambiri moti boma linatsegula maofesi a ntchito imeneyi.

Tsono mvetserani apa. Ngakhale panali chikondi chonsechi, kukolopa konseku ndi phala lonseli, maliro sanachepe. Anachuluka. M'nyengo yozizira yoyamba ija asilikali 4,077 anafera ku Scutari. Mu February 1855, mwa odwala 100 alionse pafupifupi 42 ankamwalira. Ambiri sanafe ndi mabala a zipolopolo koma ndi kamwazi, taifodi, taifasi ndi kolera, yemweyu amene anatilira maliro ku Lusaka mu 2023 ndi 2024. Nyumbayo inamangidwa pamwamba pa ngalande za zimbudzi zimene zinali zitatsekeka, odwala anali othithikana, ndipo madzi akumwa anali oipa. Mu March 1855 boma linatumiza kagulu ka akatswiri a zaukhondo, pakati pao Dr John Sutherland ndi injiniya Robert Rawlinson. Anatsegula ndi kutsuka ngalande, anaboola mipata yolowera mpweya, anachotsa mitembo ya nyama, ndipo m'njira imene madzi ankadzera anapezamo hatchi yakufa. Pofika June chaka chomwecho, omwalira anatsika kufika pafupifupi 2 mwa 100. Kutha kwa chisanu ndi kuchepa kwa odwala obwera kunathandizanso, koma kusinthaku kunali kwakukulu kosabisika.

Mu May 1855 Mai Nightingale anaoloka kupita ku Crimea kwenikweniko, nadwalako malungo aakulu mpaka pang'ono kufa. Madokotala ambiri a masiku ano amaganiza kuti anali matenda a brucellosis, amene munthu amatenga ku mkaka wosawiritsa. Sanapezenso bwino kwenikweni. Nkhondo itatha mu 1856, dziko lonse linakonzeka kuwalandira ndi nyimbo, koma iwo anayenda ndi dzina lobisika, natsika sitima pa kasiteshoni ka kwao, n'kufika ku Lea Hurst wapansi.

Apa ndi pamene ine ndimawapatsira ulemu woposa. Munthu wina akadakhala pansi n'kumadyerera kutchuka. Iwo anafuna kudziwa chimene chinapha anyamata aja. Atakaonana ndi Mfumukazi Victoria ku Balmoral, anakakamiza boma kukhazikitsa bungwe lofufuza za umoyo wa asilikali, limene linayamba ntchito mu 1857. Anakhala pansi ndi Dr William Farr, katswiri wa ziwerengero za obadwa ndi omwalira, nasanthula mabuku a asilikali mwezi ndi mwezi, chipatala ndi chipatala. Masamu aja anagwira ntchito. Asilikali a Britain pafupifupi 16,000 anafa ndi matenda, pamene ophedwa pankhondo ndi ofa ndi mabala sanakwane 5,000. Chipatala cha ku Scutari, chimene iwo anatchuka nacho, chinali pakati pa malo amene anthu anafa kwambiri. Sanabise zimenezi, ndipo ulemu wa kutsika kwa maliro anaupereka kwa ogwira ntchito ya ngalande ndi madzi aja. Anapezanso china chodabwitsa, kuti ngakhale ku England komweko, kopanda nkhondo, asilikali okhala m'makampu ankafa kuwirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi amuna anzao a msinkhu womwewo okhala m'makomo.

Analemba lipoti la masamba oposa 800. Podziwa kuti anduna sawerenga manambala ambirimbiri, anajambula chithunzi chozungulira chogawidwa m'zigawo 12, chigawo chilichonse mwezi umodzi. Mtundu wofiira unaimira ofa ndi mabala, wakuda ofa ndi zifukwa zina, wobiriwira ngati thambo ofa ndi matenda opeweka. Ngakhale munthu wosaphunzira akachiona amaona yekha kuti mtundu wa thambowo wameza chithunzi chonse. Mu 1858 anakhala mzimai woyamba kulandiridwa m'bungwe la akatswiri a ziwerengero la ku London. Ntchito yotereyi anaigwiranso pa umoyo wa asilikali ndi anthu a m'midzi ku India, dziko limene sanapondeko phazi.

Anthu anali atasonkha mapaundi oposa 44,000 powathokoza. Ndi ndalamazi, mu 1860 anatsegula sukulu ya anamwino pa chipatala cha St Thomas ku London, kuyamba ndi ophunzira 15. Otuluka m'sukuluyi anakayambitsa masukulu ena m'maiko ambiri.

Koma chimene chikutikhudza ife kwambiri ndi kabuku kotchedwa Notes on Nursing, kamene kanatuluka chakumapeto kwa 1859. Sanakalembere anamwino a m'chipatala. Anakalembera azimai a pakhomo, poona kuti pafupifupi mzimai aliyense tsiku lina adzadwazika munthu. Mu 1861 anatulutsa kena kotsika mtengo ka mabanja osauka, nawonjezamo mutu wa kasamalidwe ka khanda, poganizira atsikana aang'ono amene amasiyidwa ndi mwana amai ao akapita kukagwira ntchito. Muli za mpweya wabwino, madzi oyera, kuwala kwa dzuwa, zofunda zouma ndi kusamba m'manja pafupipafupi. Muli nkhani ya chakudya: wodwala wokana mbale yodzala angathe kulandira supuni imodzi pa ola lililonse, ndipo chakudya chimene wachikana chisasiyidwe pambali pake tsiku lonse, chifukwa chimangomuchotsera chilakolako. Wodwala akangogona tulo toyamba asadzutsidwe. Muli ndi funso limene ambiri aife sitiliganizira: kodi inu wodwazika mukachoka kupita kumsika kapena kumaliro, zinthu ziyenda bwanji? Kwa iwo, wodwazika wabwino ndi amene wakonza kuti mankhwala ndi phala zifike pa nthawi yake ngakhale iye palibe.

Mbali yonena za alendo ndi imene ingatilase ife a Chigwirizano amene timayendera odwala. Mai Nightingale anadana kwambiri ndi kunong'onezana pakhomo la chipinda, pakuti wodwala amatchera khutu n'kumaganiza kuti mukukamba za imfa yake. Anadana ndi alendo ouza munthu wodwala kwambiri kuti palibe chovuta, achira mawa, pamene mwini wake akudzimva mmene alili. Mau otere amamutopetsa ndi kumusiya yekha ndi mantha ake. Anadananso ndi alendo obwera ndi malangizo, aliyense ndi mankhwala ake ndi dokotala wake. Kodi si zimene timachita, amai? Iwo anati mlendo akhale pansi pamene wodwala angamuone popanda kupotoza khosi, asaoneke wofulumira, ndipo amubweretsere nkhani yabwino yoona ya kunja, kapena amuonetse khanda.

Mutu umene anaulimbikira koposa ndi wa kupenyetsetsa. Kufunsa ngati wodwala wagona bwino sikuthandiza, chifukwa wina amavomera atagona maola awiri, wina amakana atagona usiku wonse. Funsani kuti wagona maola angati, ndipo nthawi yanji. Musangoti wadya, dziwani kuti wadya zochuluka bwanji. Ngati mutu sugwira, lembani. Ndi nzeru yomwe ija ya ku Scutari, yobwera nayo pa mphasa ya pakhomo. Dokotala amamuona wodwala mphindi zochepa, inu mumakhala naye usana ndi usiku.

Sikuti zonse anazidziwa. Pamene ankalemba kabukuka ankakhulupirira, monga madokotala ambiri a nthawiyo, kuti matenda amabwera ndi fungo la zinthu zoola. Za tizilombo tosaoneka ndi maso anadzazivomereza pambuyo pake. Mwamwai, kuchotsa uve kumene ankalimbikitsa kunkachotsanso tizilomboto.

Mayeso ena anawapeza pa nkhani ya uchembere. Ndi ndalama za thumba lomwe lija anayambitsa maphunziro a azamba pa chipatala cha King's College, kuti azamba ophunzira azikathandiza m'midzi. Koma azimai ochirira m'wodi imeneyo anayamba kufa ndi matenda otentha thupi a m'chikuta. Powerengera, anapeza kuti pafupifupi 33 mwa azimai 1,000 ankamwalira, pamene m'dziko lonse la England, kumene ambiri ankachirira kunyumba, anali pafupifupi 5 mwa 1,000. Ntchitoyo inali yaoyao ndipo ankaikonda, koma kumapeto kwa 1867 anavomera kuti itsekedwe. Kenaka anasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala za ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya, natulutsa buku mu 1871 losonyeza kuopsa kosakaniza azimai ochira ndi odwala ena, ndiponso kolola ophunzira udokotala kuyenda kuchokera ku matenda ena kupita kwa azimaiwa. Pano ndikupempheni, musatenge nkhaniyi ngati chifukwa chochirira kunyumba. Masiku amenewo kunalibe mankhwala opha tizilombo ngati a lero, ngakhale njira yodalirika yoikira munthu magazi. Lero mai woyembekezera ndi wotetezeka koposa akachirira kuchipatala m'manja mwa mzamba wophunzira.

Anathandizanso William Rathbone wa ku Liverpool, munthu wachuma amene, ataona mmene namwino anasamalira mkazi wake pa matenda ake otsiriza, anayambitsa mu 1859 ntchito yotumiza anamwino m'makomo a anthu osauka. Mu 1865 anatumiza Agnes Jones ndi anamwino 12 kukasamala odwala m'nyumba ya boma yosungiramo amphawi mumzinda womwewo. Agnes anatenga taifasi pa ntchitoyo namwalira mu 1868, ali ndi zaka 35.

Kunena zoona, Mai Nightingale sanali munthu wofewa. Anali ndi lilime lakuthwa, ndipo ankagwiritsa anzao ntchito mopanda chifundo monga ankadzichitira okha. A Sidney Herbert atadwala impso, iwo anapitiriza kuwakakamiza kuti amalize kukonza unduna wao, osakhulupirira kuti matendawo ndi aakulu. A Herbert anamwalira mu 1861, ndipo imfayi inawapweteka Mai Nightingale zaka zambiri. Wolemba za kupenyetsetsa wodwala analephera kumuona bwenzi lake lenileni. Kwa nthawi yaitali abale ao ankawaona mwa apo ndi apo, mochita kupangana. Komabe atate ao atamwalira mu 1874, ndi iwo amene anasiya ntchito zao miyezimiyezi kukasamala amai ao okalamba, omwe aja anawakaniza unamwino, mpaka anamwalira mu 1880. Pambuyo pake ankapita ku Claydon kukakhala ndi mkulu wao Parthenope amene anapuwala ndi nyamakazi. Ali kumeneko, m'chigawo cha Buckinghamshire, anathandiza kuyambitsa mu 1892 ntchito yophunzitsa azimai oti aziyenda khomo ndi khomo m'midzi, kukambirana ndi azimai anzao za madzi, zimbudzi, mkaka ndi kaleredwe ka makanda. Analimbikira kuti oyenderawo azipita ngati abwenzi a mai wa pakhomopo, osati ngati oyang'anira odzafufuza zolakwa.

M'zaka zotsiriza maso analeka kuona ndipo nzeru zinayamba kufooka. Mu 1907 Mfumu Edward VII inawapatsa ulemu wa Order of Merit, mzimai woyamba kuulandira. Anamwalira ali m'tulo pa 13 August 1910 kunyumba kwao ku London, ali ndi zaka 90. Panali ganizo lakuti aikidwe ku Westminster Abbey, kumene kumagona mafumu ndi anthu otchuka, koma abale anakana potsata kufuna kwa mwini wake. Bokosi linanyamulidwa ndi asilikali asanu ndi mmodzi, ndipo anaikidwa pafupi ndi makolo ao pa manda a tchalitchi cha St Margaret ku East Wellow, kufupi ndi Embley. Pa mwala wa banja, mbali yao ili ndi kamtanda, zilembo ziwiri, F. N., chaka chobadwa ndi chaka chomwalira.